Lendi ili ku Lilongwe, mwini nyumba ali ku Kandeu

Chaka cha 2018 mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yomwe ndimaphunzitsa adapuma pantchito atakwanitsa zaka 60. Tidawaphera mbuzi, ana adavina ngoma, makolo adabwera ndi nkhuku ndi mphatso zina. Patapita miyezi itatu, ine ndi anyamata awiri a Fomu 4 ndife tidawathandiza kukweza katundu wawo pangolo ya ng'ombe, poti m'nyumba ya sukulu mudayenera kulowa wowalowa m'malo. Katundu wa munthu amene adagwira choko zaka zoposa 30 adakwana pangolo maulendo awiri okha.

Komwe amalowera n'komwe kudandisowetsa tulo. Mayi akunyumba kwawo adali atamwalira, ndipo nyumba yomwe adamanga idali kuchikamwini, kumene mwambo wa ambiri kuno ku Ntcheu umati malo ndi a mbumba ya mkazi. Kwawo kwenikweni adachokako ali mnyamata. Adakapeza kanyumba ka lendi kuseri kwa msika wa Kandeu, n'kumadikira ndalama za penshoni ali mmenemo. Tikutsitsa mpando womaliza adandigwira paphewa nati: "Mphwanga, nyumba ya sukulu si yako. Usadikire kuti tsiku ngati lino likupeze."

Apo n'kuti nditangokwanitsa zaka 30, ndili ndi dipuloma yanga ya ku Domasi, mkazi, ana awiri ndi njinga yakapalasa. Lero ndili ndi mdadada wa zitseko zitatu mumzinda wa Lilongwe, umene ndimauyang'anira ndili konkuno. Aphunzitsi anzanga, anamwino, alangizi a zaulimi ngakhalenso abale omwe ali ku Joni amandifunsa kuti ndidayamba bwanji. Ndiye ndati ndiyankhe pano kamodzi, ndi zochititsa manyazi zomwe, chifukwa pankhani ya nyumba za lendi anthu timakonda kunena zokoma zokhazokha.

Funso loyamba limakhala loti bwanji sindidamange konkuno ku Kandeu, kumene ndikadamaona khoma likukwera ndi maso anga. Yankho lake ndi masamu, phunziro lomwe ndimaphunzitsa. Kuno wochita lendi ndi mphunzitsi, wazaumoyo, wapolisi kapena wamalonda amene wabwera kudzagula mbewu nthawi yokolola. Anthu otere ndi owerengeka, ndipo akasamutsidwa nyumba imakhala miyezi ikulowa mileme. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Lilongwe muli anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ku Blantyre oposa 800 000, pomwe boma lonse la Ntcheu lili ndi anthu osafika 700 000. Minibasi iliyonse yodutsa pa Lizulu kulowera kumpoto imanyamula mnyamata kapena mtsikana wokasaka ntchito, ndipo akatsika ku depoti chinthu choyamba kufuna ndi pogona.

Kumanga nyumba uli kutali si zachilendo kwa ife. Agogo athu ambiri adapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena adakagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Boma lidaimitsa maulendo a Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, kenaka anthu adayambanso kupita kudzera ku Teba mpaka cha mu 1988. M'mudzi uliwonse kuno muli nkhani ya munthu amene ankatumiza ndalama za malata zaka ndi zaka, pobwera n'kupeza udzu womwe uja uli padenga. Nkhani zimenezi ndidakula ndikuzimva, ndipo ndinkadziuza kuti ine, munthu wopita kusukulu komanso wa foni m'manja, sizingandichitikire.

Ndalama zoyambira tidazisonkhanitsa chaka chathunthu. Mayi akunyumba adalandira gawo lawo kubanki m'khonde, tidagulitsa soya ndi chimanga, ine ndidaikapo kangachepe komwe ndidapeza poyang'anira mayeso. Patchuthi cha Ogasiti 2019 ndidanyamuka mbandakucha, kutsikira ku Kasinje, kukwera galimoto mumsewu wa M5 mpaka pa Golomoti, n'kukwera chitunda cha Khwekhwelere kukatulukira mu M1. Ndinkafuna malo cha kummwera kwa mzinda, mbali ya Area 36, poti ndi kumene munthu wochokera kwathu kuno amayamba kufika asadalowe m'kati mwa tauni.

Poloti yoyamba adandionetsa ndi ejenti wina amene mnzanga adandilumikizitsa naye. Idali yayikulu bwino, yosalala, mtengo wake wotsika moti mtima udagunda. Ejentiyo ankandifulumizitsa, amvekere pali bwana wina akubwera ndi ndalama madzulo omwewo. Chidandipulumutsa ndi njala. Ndidapatuka ndekha kukagula mandasi kwa mayi wina woyandikana ndi malowo, ndipo pocheza ndidawafunsa za polotiyo. Adandiyang'ana kaye, kenaka adandilozera mzere wakuda pakhoma la nyumba yawo, cha m'chiuno mwa munthu wamkulu.

"Bambo, mwabwera m'chilimwe," adatero mayiwo. "Mudzabwere mu Febuluwale mudzaone pomwe madzi amafika. Komanso inu ndinu wachitatu kuonetsedwa pamenepo mwezi uno, ndipo mmodzi adalipira kale theka."

Ndidataya K20 000 yomwe ndidapatsa ejentiyo ngati ya kuonera malo, koma ndidabwerako ndi phunziro. Malo amafunika kuwaona nthawi ya mvula, ndipo oyandikana nawo uziwafunsa uli wekha, wogulitsa palibe. Amene adaona madzi a mtsinje wa Lingadzi akulowa m'nyumba za ku Mtandire mu 2017, kapena matope a namondwe wa Freddy akukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, akudziwa kuti poloti yotsika mtengo m'dambo kapena m'mbali mwa phiri imadzalipiritsa pambuyo.

Poloti yachiwiri idali pamtunda, yaying'onoko, ya banja lina lomwe limafuna ndalama za fizi. Tidagwirizana K850 000. Ndidaumirira kuti pakalata yogulitsirana asayinirepo bamboyo, mkazi wake komanso mchemwali wake wamkulu, aliyense ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika. Mfumu ya m'deralo idadinda chidindo pamaso pa mboni. Ndalama ndidalipira kawiri kudzera kubanki kuti pakhale umboni. Pakalatapo tidalembapo maina awiri, langa ndi la mayi akunyumba. Abale ena kwathu adang'ung'udza nazo, koma ndidali nditaona zokwanira. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, komabe ndi bwino mkangano kuutseka usadayambe.

Apa ndivomere kulakwa kwanga koyamba. Ndinkaganiza kuti chidindo cha mfumu ndiye mapeto a zonse. Ndidadzamva pambuyo pake kuti mumzinda malo ali ndi eni ake angapo: ena ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, ena a khonsolo ya mzinda, ena a Malawi Housing Corporation, ena ndi a anthu kapena makampani omwe ali ndi ziphaso zawo. Kalata ya mfumu imasonyeza kuti mudagulitsana, koma si chiphaso cha umwini chomwe banki ingalandire ngati chikole, ndipo singaimitse thalakitala ngati pamalopo padakonzedwa kuti padzadutsa msewu. Malamulo a za malo adasintha mu 2016 ndipo adakonzedwanso mu 2022, choncho zomwe adakuuzani amalume anu omwe adagula kalekale mwina sizikugwiranso ntchito. Ine ndidapita kukafunsa kukhonsolo ndi kuofesi ya za malo nditalipira kale. Adandiuza kuti pamalopo palibe vuto ndipo ndidayamba ndondomeko yopezera lizi. Udali mwayi chabe. Inu kafunseni musadatulutse ngakhale tambala.

Poloti yopanda kanthu mwini wake ali kutali imakopa anthu. Wina amadzalapo chimanga, wina amasuntha malire pang'onopang'ono, wina amaigulitsanso. Mwayi wanga udabwera ndi tsoka la dziko lonse. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndidapita ku Lilongwe n'kukhalako masabata asanu ndi limodzi, ndikugona pamkeka kwa mlamu wanga. Tidakumba maziko, tidakweza khoma kufika pamawindo. Thumba lililonse la simenti ndinkaliwerenga ndekha, lodzaza m'mawa, lopanda kanthu madzulo. Gawo limenelo la nyumba mpaka lero lilibe mng'alu.

Sukulu zitatsegulidwa ndidabwerera ku Kandeu. Mu 2021 ndidatenga ngongole ya K1.5 miliyoni ku SACCO, ndipo ntchito yoyang'anira ndidaisiya m'manja mwa mlamu wanga uja, mchimwene wawo wa mayi akunyumba, amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Ndinkatumiza ndalama pafoni, iye n'kumanditumizira zithunzi pa WhatsApp. Zithunzizo zidali zokongola. Khoma lakutsogolo lidali lopakidwa pulasitala bwinobwino, mafelemu a zitseko ali m'malo mwake. Ndinkazionetsa anzanga mu sitafu rumu monyadira. Sindidadzifunse chifukwa chomwe zithunzi zonse zidajambulidwira mbali imodzi.

Patchuthi cha Disembala ndidapita osanena. Kutsogolo kudalidi monga pachithunzi. Nditazungulira kuseri ndidapeza njerwa zili pamtunda, mvula ikuzimenya, chipinda chachitatu chilibe n'khoma lapakati lomwe. Ndidali nditatumiza ndalama za matumba 60 a simenti. Mmisiri adatulutsa kakope kake kakuda ndi fumbi n'kundionetsa kuti adalandira 34.

Madzulo ake tidakhala pakhonde awiriwiri.

"Alamu, simenti ija ili kuti?"

Adakhala chete nthawi yaitali, maso ali pansi.

"Alamu, musandione ngati wakuba. Mwana adagonekedwa m'chipatala, njinga idafa injini mwezi womwewo. Ndimati ndibweza inu musadabwere."

Usiku umenewo sindidagone. Chovuta sichidali simenti yokha. Ndikakafika ku Kandeu ndikawauza chiyani mayi akunyumba, poti ndalama zidadyedwazo zidali za thukuta lawo lomwe, ndipo wodyayo ndi wobadwa naye bere limodzi? Mwezi wathunthu m'nyumba mwathu munkangomveka mbale. Nkhaniyo adadzaikamba ndi amalume awo, omwenso ndi ankhoswe athu. Mlamu adavomera, ndipo adabweza theka pang'onopang'ono m'chaka chotsatira. Theka linalo ndidalisiya. Akuluakulu adati chibale ndi fupa sichiola, koma padatenga chaka kuti ine ndi iye tidyerenso m'mbale imodzi.

Mkwiyo utatha ndidaona mbali yanga. Ndidapatsa munthu wopeza movutikira ndalama zoposa zomwe amapeza miyezi ingapo kuti azisunge m'foni mwake, mwana akudwala m'nyumba. Sindidamulipire kalikonse pamasiku omwe ankasiya kabaza kukaimirira amisiri anga, poti ndinkati ndi m'bale. Sitidalemberane kanthu. Ndidamuika pamayesero amene ine ndemwe sindikudziwa ngati ndikadawapambana.

Kuchokera pamenepo ndidasintha kachitidwe. Zipangizo ndinkalipira mwachindunji kusitolo, iwo n'kukatula pamalopo, mmisiri n'kusayinira zomwe walandira. Mmisiri tidagwirizana mtengo wa gawo lililonse, ndipo ankalandira gawolo likatha, ine nditaliona. Zithunzi ndidasiya kuzikhulupirira. Ndinkaimba foni ya kanema n'kumuuza kuti azungulire nyumba mbali zonse zinayi, alowe chipinda chilichonse, aloze kudenga. Ntchito zikuluzikulu monga kukhoma denga ndi kuika simenti pansi ndinkadikira tchuthi kuti ndikhalepo ndekha. Fumbi ndiwe mwini, adatero akale.

Phunziro lina lidabwera mu Meyi 2022 pomwe ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse. Ndalama za malata ndidali nditazisunga kubanki kudikira tchuthi. Pomwe ndinkafika kusitolo, ndalama zomwe zikadafolera nyumba yonse zidakwana zitseko ziwiri zokha, ndipo ndidakatenganso ngongole ina. Womanga pang'onopang'ono m'dziko lino asamasunge ndalama, azisunga katundu. Malata, misomali, mafelemu ndi mawaya sizionongeka ngati muli ndi pozisunga podalirika. Simenti yokha ndiyo yosagula msanga, chifukwa ikakhalitsa imauma n'kusanduka mwala.

Nyumba idatha kumapeto kwa 2022: zitseko zitatu, chilichonse chipinda ndi pabalaza, mpopi umodzi panja, bafa ndi chimbudzi kuseri. Alendi oyamba adalowa mu Januwale 2023, aliyense pa K35 000 pamwezi. Ndinkaganiza kuti mavuto atha, tsopano kwatsala n'kumva foni ikulira kuti ndalama zalowa.

Mlendi wa chitseko chakumapeto adali bambo wooneka bwino, wa jekete ndi nsapato zopukuta. Adalipiriratu miyezi itatu osanenerera, ndipo sindidafunse zambiri. Mwezi wachinayi adati malipiro achedwa. Wachisanu adati kwawo kwagwa maliro. Ine ndemwe ndimadziwa mmene mwezi umatalikira kwa munthu wapantchito, ndiye ndinkamumvetsa. Wachisanu ndi chimodzi foni yake idasiya kupezeka. Nditapita ndidapeza m'nyumba muli mbee, adasamuka usiku, adazula loko ndi mababu omwe. Oyandikana naye adamuona akukweza katundu, koma padalibe amene adali ndi chifukwa choti andiimbire. Sindinkadziwa komwe amagwira ntchito, kwawo, ngakhale m'bale wake mmodzi.

Ndili komweko ndidapezanso kuti bilu ya madzi idaunjikana kufika K65 000, aliyense akuloza mnzake. Magetsi nawo adali pamita imodzi, ndipo mkangano udali wosatha pakati pa amene amaphikira pamagetsi ndi amene amangoyatsa babu ndi kutchaja foni. Mwayi wake mita ya magetsi ndi yogula mayunitsi, moti ngongole sikhalapo, koma mtendere pakati pa alendi udasowa. Amene mukumanga kumene, ngati thumba likulola, chitseko chilichonse chikhale ndi mita yakeyake kuyambira pachiyambi.

Anzanga ena adandilangiza kuti mlendi akavuta ndizingozula chitseko kapena kuchotsa lata limodzi pamwamba pa bedi lake. Musayerekeze. Mukatero wolakwa mumasanduka inuyo, ndipo katundu wake akaonongeka kapena kubedwa mudzalipira. Njira yake ndi kumupatsa notisi yolemba, ndipo akakana kutuluka nkhani imapita kukhoti la majisitireti. Koma kukhoti amafuna umboni wa zomwe mudagwirizana, ndipo kwa munthu wokhala ku Kandeu tsiku lililonse la mlandu ku Lilongwe ndi masiku awiri osaphunzitsa. Ndiye kwa ife akutali, mankhwala ndi kusankha bwino munthu asadalowe.

Lero aliyense wolowa m'nyumba mwanga timalemberana pangano la tsamba limodzi m'Chichewa. Limanena lendi, tsiku lolipira, notisi ya mwezi umodzi mbali zonse, amene akonze chikaonongeka, komanso kuti saloledwa kulowetsamo munthu wina kuti azimulipiritsa. Ndimasunga fotokope ya chiphaso chake cha unzika, dzina la komwe amagwira ntchito kapena pomwe amachitira geni, ndi nambala ya m'bale wake mmodzi, yomwe ndimaiimba iye ali pomwepo. Lendi imabwera mwachindunji pa Airtel Money kapena Mpamba pofika pa 5, ndipo uthenga wa pafoniwo ndiwo lisiti yathu tonse awiri.

Maso anga pamalopo ndi mayi wina wa chitseko chapakati, wogulitsa ndiwo zamasamba kumsika, amene adalowa tsiku loyamba ndipo sadaphonyepo mwezi. Ndimawachotsera K10 000 palendi mwezi uliwonse. Ntchito yawo ndi kuona ndi kundiuza: mpopi ukudontha, wina akulongedza katundu, woyandikana nafe wayamba kukumba pafupi ndi malire. Amasonkhetsanso ya madzi n'kunditumizira chithunzi cha lisiti. Lendi ya anzawo sagwira. Zomwe zidachitika ndi mlamu zidandiphunzitsa kuti woyang'anira azilipidwa, ndipo asasenzetsedwe ndalama zoti zimuike pamayesero.

Tsopano masamu aja, poti ambiri amawerengera lendi ya mwezi n'kuchulukitsa ndi 12 basi. Zitseko zitatu pa K35 000 zikadandipatsa K1 260 000 m'chaka cha 2023. Bambo wa jekete adapita ndi K105 000. Chitseko chake chidakhala chopanda munthu miyezi iwiri, ina K70 000. Zomwe zidayenera kulowa zidatsala K1 085 000. Maulendo anayi a ku Lilongwe, kuphatikizapo chakudya, adadya K160 000. Kukonza loko, chitseko, kupaka penti ndi kukonza chimbudzi, K210 000. Bilu ya madzi ija, K65 000. Mayi oyang'anira aja kuyambira mu Julaye, K60 000. Zotsala m'manja zidali K590 000, kapena kuti pafupifupi K49 000 pamwezi. M'chaka chomwecho ngongole imandidula K75 000 mwezi uliwonse. Kunena kwina, nyumba sinkadzilipira yokha, malipiro anga a uphunzitsi ndiwo ankaithandiza.

Nditaphatikiza zonse zomwe tidaononga kuyambira poloti mpaka penti, zidakwana pafupifupi K6.5 miliyoni. Ndiye kuti pa K100 iliyonse yomwe tidaikamo, chaka chimenecho idabala K9, pomwe mitengo ya zinthu m'dziko muno idakwera ndi zoposa 25 pa 100 iliyonse. Wina angafunse kuti nanga phindu lili pati. Lili pakuti nyumbayo ilipo. Kwacha itatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, ndalama zomwe anzanga adasunga m'mabuku a banki zidafooka usiku umodzi, koma njerwa ndi malata anga sizidachepe. Nditati ndiyambe lero kumanga nyumba yomweyo, ndi malipiro omwewa, sindingaifikitse n'pamawindo pomwe.

Lendi siithamanga ngati mitengo ya m'sitolo. Simenti ikakwera lero, simungauze mlendi mawa kuti awonjezere chimodzimodzi, poti malipiro ake sadakwere. Mu 2024 ndidakweza kufika K45 000 nditawachenjeza miyezi iwiri isadakwane. Banja limodzi lidasamuka, lidati silikwanitsa, ndipo lidali banja labwino losavuta. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati K10 000 ija idali yoyenera kutayira anthu okhulupirika. Musaiwalenso kuti ndalama ya lendi ndi phindu lomwe bungwe la MRA limayembekezera kuti lidziwe, kuti nyumba za mumzinda zimalipira msonkho kukhonsolo, ndiponso kuti malo a lizi amakhala ndi ndalama yake yolipira chaka ndi chaka. Zifunseni zimenezi msanga kuti zilowe m'masamu anu.

Pali mtengo wina umene sulembedwa m'kope. Tsiku lina chimbudzi chitadzadza alendi adandiimbira onse atatu, wina ataopseza kuti akanena kwa azaumoyo. Ndidanyamuka Lachinayi, kusiya ana a Fomu 4 kutatsala masabata atatu kuti alembe mayeso a MSCE. Ndidawasiyira ntchito pabolodi, koma ndikudziwa kuti maphunziro awiri a masamu omwe adataya sadabwerere. Pasukulu ngati yathu mphunzitsi wa masamu akachoka palibe womulowera. Ana amenewo sadalakwe kanthu kuti alipire nawo nyumba yanga. Kuyambira pamenepo ndimasunga padera lendi ya mwezi umodzi ya zadzidzidzi, ndili ndi nambala za pulambala ndi kalipentala omwe ndidawayesa kale, ndipo ku Lilongwe ndimapita patchuthi pokha.

Kodi nditati ndiyambirenso ndingamange ku Lilongwe? Ndimasinkhasinkha. Mnzanga wina adamanga pa Boma pa Ntcheu. Lendi yake ndi yotsikirapo, koma akamva vuto Loweruka m'mawa, masana amakhala atabwerako. Sadataye simenti, sadayambane ndi mlamu. Ena akuyang'ana ku Balaka ndi ku Dedza. Ulendo wa ku Lilongwe wakwera mtengo kwambiri, mafuta akasowa umagona panjira, ndipo kuyambira 2022 galimoto zimalipiranso pageti ya Kalinyeke, zomwe zimathera m'thumba la wokwera. Kutalika kwa mtunda ndi ndalama, ndipo muziwerengere musadasankhe malo. Ngati simungathe kufikako kanayi pachaka, kapena mulibe munthu wokhala pomwepo amene mungamulipire kuti akhale maso anu, mangani pafupi.

Kwa abale athu omwe muli ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban, inu muli patali kuposa ine, ndipo simungatulukire mwadzidzidzi monga ndidachitira. Poloti ilembedwe m'dzina lanu, osati la amene mwamutuma. Mukamatumiza pa Mukuru, tumizani za gawo limodzi, lithe, mulione pafoni ya kanema mbali zonse, kenaka mutumize zina. Wogula zipangizo akhale wina, wozilandira akhale wina. Pezani munthu wachitatu wosakhala wa pabanja, kaya wa kumpingo kapena kumzikiti, woti azikaona mwa apo ndi apo, ndipo mumuthokoze ndi kenakake. Mbale wanu akamakuyang'anirirani ntchito mulipireni monga mukadalipirira mlendo, mugwirizane poyera. Mukatero mudzapeza nyumba, ndipo maliro akagwa mudzatha kukhala pamphasa imodzi.

Aphunzitsi aakulu aja adalandira ndalama zawo, ndipo adamanga kanyumba ka zipinda ziwiri pamalo omwe adagula kufupi ndi msika. Ndikakumana nawo Loweruka amandifunsa funso limodzi lomwelo: "Mphwanga, denga likudontha?" Ndikati ayi, amagwedeza mutu n'kupitiriza ulendo wawo ndi ndodo.

Ngongole yachiwiri itha chaka chino. Ine maganizo anga adali oti lendi ikayamba kutsala yonse tiwonjezere chitseko chachinayi, chachikuluko, choti tidzakhalemo tikadzapuma. Nditawauza mayi akunyumba adaseka. Adati iwo m'tauni sakakhalamo, kogula nkhuni ndi masamba a maungu omwe, kusiya munda ndi mbuzi zawo. Adandikumbutsanso kuti pazaka zonsezi tamangira anthu atatu pogona, koma ife tikadali m'nyumba ya sukulu, momwe adatuluka aphunzitsi aakulu aja. Ndidasowa choyankha. Tagwirizana kuti lendi ya chaka chamawa isapite ku Lilongwe. Tapeza kamalo konkuno ku Kandeu, ndipo ulendo uno ndayamba ndi kufunsa eni ake onse, mfumu ndi ofesi ya za malo kuboma ndisadalipire. Mchenga tiyamba kututa mvula ikangosiya.